Bwalo lathu aligawa mapuloti: ndi milandu iti yakale imene ingatithandize kukhoti?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa m'tauni ina kuno kum'mawa kwa Zambia, amene ndi wapampando wa komiti ya m'komboni mwawo. Akuti pakati pa nyumba zawo ndi kamtsinje pali bwalo pamene ana akhala akusewera mpira kuyambira kalekale, ndipo pulani yakale ya deralo imasonyeza kuti pamenepo sipomanga. Mwezi watha anadzuka n'kupeza mabikoni a simenti osonyeza malire a mapuloti atazikidwa, lina pafupi penipeni ndi golo. Atafunsafunsa anamva kuti khonsolo inasintha ntchito ya malowo, pakhala mashopu ndi filing'i siteshoni, ndipo munthu wina ali kale ndi kalata ya ofa (offer letter), yomulonjeza puloti. Palibe amene anawaitanira kumsonkhano. Akufunsa kuti: "Timamva kuti maloya amapambana pogwiritsa ntchito milandu yakale. Ndi milandu iti imene tingapite nayo kukhoti, ndipo kodi tingapambane?"

Amayi, mwachita bwino kufunsa mwezi wachiwiri usanathe. Milandu ilipo ndithu ndipo ndikutchulirani, koma muyambe mwadziwa ichi: jaji sadzakufunsani ngati bwalo la ana lili bwino kuposa filing'i siteshoni. Funso limenelo lamulo linalipereka kwa khonsolo. Chimene khoti limafufuza ndi m'mene chigamulocho chinapangidwira. Kodi amene anachipanga ali nayo mphamvu yochipanga? Anatsata njira imene lamulo linaika? Anawamva anthu oyenera kumvedwa? Anthu ambiri amafika kukhoti atanyamula mkwiyo wolungama, n'kubwerako manja lende, chifukwa anakonzekera kutsutsa chigamulo m'malo motsutsa njira yake.

Mudzaona kuti milandu ina ndi ya ku England, ndipo musadabwe. Zambia inatengera malamulo a chizolowezi a kumeneko, ndipo majaji athu amawerengabe zigamulo zawo. Kusiyana kwake n'kwakuti chigamulo cha Supreme Court yathu chimamanga High Court ya kuno ku Chipata, ifune isafune, pamene cha ku England chimangothandiza jaji kuganiza. N'chifukwa chake loya wanzeru amaika mlandu wa kuno patsogolo, wa kunja n'kubwera pambuyo kudzachirikiza.

Mlandu umene pafupifupi aliyense amayambira ndi wa Derrick Chitala ndi Attorney General, wa 1995. Sunali wa malo ayi. Unali wa ndale, wokhudza njira imene boma linasankha yokhazikitsira malamulo aakulu a dziko lipoti la komishoni ya Mwanakatwe litatuluka. Koma m'menemo Supreme Court inalandira zifukwa zitatu zimene jaji wa ku England, Lord Diplock, anayala mu 1984 pa mlandu wa ogwira ntchito ku GCHQ, ofesi ya zaukazitape ya boma la Britain. Khoti lingagwetse chigamulo cha boma kapena cha khonsolo ngati wochipangayo anapyola mphamvu zake kapena analimva molakwa lamulo, ngati chigamulocho n'chopanda nzeru kotheratu, kapena ngati njira yoyenera inalumphidwa. Njira yopitira kukhoti ndi zifukwa zimenezi maloya amaitchula kuti judicial review. Mu 2004, pa mlandu wa Nyampala Safaris ndi Zambia Wildlife Authority, umene unali wa kagawidwe ka madera osakirako nyama, Supreme Court inabwerezanso momveka kuti ntchito ya khoti ndi kuona ngati munthu anachitiridwa mwachilungamo ndi ofesi imene inagamula nkhani yake, osati kuika maganizo a jaji m'malo mwa maganizo a ofesiyo. Loya wa khonsolo adzautchula mlandu umenewu tsiku loyamba lomwe, choncho wanu audziwe bwino.

Pa zifukwa zitatuzo, chimene mtima wanu udzathamangira ndi chachiwiri. Mudzati, ndani wanzeru zake angaike matanki a petulo m'mbali mwa mtsinje, pamalo posewera ana? Ine ndikukumvetsani, koma chifukwa chimenechi ndicho chovuta kupambana nacho kuposa zonse. Chinachokera pa mlandu wa Wednesbury wa 1947. Khonsolo ya tauni ya Wednesbury inalola eni nyumba yoonetsera kanema kutsegula Lamlungu, koma inati ana osakwana zaka 15 asalowe, ngakhale atabwera ndi makolo awo. Eni bizinesiyo anati lamulo limenelo n'lopanda nzeru. Jaji Lord Greene anayankha kuti khoti lingalowererepo pokhapokha chigamulocho chitakhala chopanda nzeru moti palibe khonsolo yoganiza bwino imene ikanachipanga. Eni kanemawo analuza. Kumbukirani zimenezo: mlandu umene unabala mfundoyi, wodandaula sanapambane. A Chitala nawonso sanapambane.

Komabe mu Wednesbury muli kachigawo kena kamene kangakuthandizeni kwambiri. Lord Greene ananenanso kuti wogamula ayenera kuganizira zinthu zimene lamulo likufuna kuti aganizire, ndi kusiya zosakhudzana ndi nkhaniyo. Apa ndi pamene kamtsinje kanu kakulowera. Ngati mu lipoti limene akatswiri a mapulani anapereka kwa makhansala mulibe liwu ngakhale limodzi lonena za mtsinje, za madzi osefukira nthawi ya dzinja, kapena zakuti pulani ya deralo inasunga malowo kuti akhale osamangapo, ndiye kuti muli ndi poyambira. Koma ngati zonsezi zinalembedwa, makhansala n'kuziwerenga, n'kunena kuti mashopu ndiwo ofunika kwambiri, nkhani yavuta. Mlandu wa Tesco Stores wa 1995 ndiwo umatseka pamenepo. Kampani ya Tesco inalonjeza kulipira msewu watsopano m'tauni ya Witney ngati ipatsidwa chilolezo chomanga shopu yake, nduna sinalilemekeze kwenikweni lonjezolo, ndipo House of Lords, khoti lalikulu koposa la kumeneko panthawiyo, inati kudziwa ngati chinthu chikuyenera kuganiziridwa ndi nkhani ya khoti, koma kulemera kwake ndi nkhani ya wogamula yekha. Ndiye musakanene kuti khonsolo inapeputsa mtsinje. Kafufuzeni ngati inauona n'komwe.

Kumene ndikuona mphamvu yanu yeniyeni ndi pa mawu aja mwanena akuti palibe anakuitanirani kumsonkhano. Lamulo limene likuyendetsa mapulani a matauni ndi madera tsopano ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale. Lamulo latsopanoli linaika kutengapo mbali kwa anthu pakatikati pa ntchito yonse. Pulani ya chitukuko cha dera ikamakonzedwa kapena kusinthidwa, anthu ayenera kudziwitsidwa, kuiona, ndi kupatsidwa mpata wolemba zotsutsa. Kusintha ntchito ya malo ndi kudula malo kukhala mapuloti, zonsezi zimafuna chilolezo, si zinthu zimene munthu amangodzuka n'kuchita. Ngati khonsolo inalumpha sitepe imene lamulo linalemba, simukufunikanso kutsimikizira jaji kuti bwalo ndi labwino. Mukungomuonetsa pamene panalumphidwa.

Yembekezerani kuti adzayankha kuti chidziwitso chinaperekedwa. Nthawi zambiri chimakhala kapepala kamodzi kokhomedwa pa bolodi la mu ofesi, pakati pa zidziwitso za makontirakiti ndi za misonkho, kolembedwa m'Chingerezi, kotchula nambala ya puloti yokha popanda kunena kuti ndi bwalo lija la kuseri kwa msika. Kapena kachidziwitso kakang'ono m'nyuzipepala imene m'komboni mwanu simufika. Apa loya wanu adzafuna mlandu wa Gunning wa 1985, wochokera ku Brent mu London, umene unali wa kutseka masukulu. M'menemo munatuluka mfundo zinayi za kufunsa anthu koona. Afunsidwe maganizo asanamangidwe, osati zonse zitatha. Auzidwe zifukwa zokwanira kuti athe kuyankha mwanzeru. Apatsidwe nthawi yokwanira. Ndipo zimene anena ziganiziridwe moona mtima pogamula. Msonkhano woitanidwa mabikoni atazikidwa kale ukulephera pa mfundo yoyamba yomweyo. Ndiye ngati mwadzidzidzi mwaitanidwa sabata ino, pitani, koma mukanene ndipo zilembedwe m'maminitsi kuti mukufunsidwa chigamulo chitapangidwa kale.

Mfundo yoti munthu amvedwe asanagamulidwe ndi yakale kwambiri, ndipo nkhani imene ndimakonda kuuza anthu ndi ya Cooper ndi Wandsworth Board of Works, ya 1863. Bambo Cooper anayamba kumanga nyumba osapereka chidziwitso cha masiku 7 chimene lamulo linkafuna. Lamulolo linkalola akuluakulu a deralo kugwetsa nyumba yotere, ndipo silinanene paliponse kuti ayambe amumva mwini wake. Anatumiza anthu n'kuigwetsa. Khoti linati ngakhale Cooper analakwa, ngakhale lamulo linali chete, sakanayenera kumugwetsera nyumba asanamupatse mpata wodzifotokozera. Kuno kwathu Supreme Court inatsindika mfundo zomwezi pa mlandu wa Shilling Bob Zinka ndi Attorney General wa 1991: wogamula asakhale ndi mbali pa nkhaniyo, ndipo munthu asaweruzidwe asanamvedwe. Mbali yoyambayo musaiiwale. Ngati pakati pa opatsidwa mapuloti pali khansala amene anakhala nawo pamsonkhano wogamula, kapena mkazi wake, imeneyo ndi nkhani yaikulu payokha. Koma musaitchule pagulu kapena pa Facebook musanakhale ndi pepala m'manja, mungadzipezere mlandu wina woipitsa mbiri ya munthu. Ndiwonjezere kuti Cooper amateteza mbali zonse. Munthu wa kalata ya ofa uja nayenso ali ndi ufulu womvedwa, ndipo muyenera kumuika mu mlandu wanu.

Tsopano za kalata ya ofayo. Funsani kuti inachokera kuti ndipo anasaina ndani. Pansi pa Lands Act ya 1995 malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo amene amawagawa m'dzina lake ndi Commissioner of Lands. Makhonsolo amagwira ntchito ngati nthumwi zake, motsata Administrative Circular No. 1 ya 1985. Pa mlandu wa Justin Chansa ndi khonsolo ya Lusaka, wa 2007, Supreme Court inafotokoza kuti khonsolo imalandira makalata a ofunsira malo ndi kupereka mayina kwa Commissioner, ndipo iyeyo angavomere kapena kukana. Khonsolo payokha sigawa. Khansala payekha, wapampando wa chipani kapena wa komiti ya dera, alibiretu mphamvu imeneyo. Ndiye kalata ya khonsolo yonena kuti "dzina lanu talipereka" si umwini wa malo. Ngati zinthu zili pamenepo, mwafika nthawi yabwino, chifukwa kalata yotsutsa yopita kwa Commissioner of Lands, kudzera ku ofesi ya malo ya chigawo kuno ku Chipata, ingaimitse zinthu taitolo, chikalata cha umwini wa malo, isanatuluke.

Taitolo ikatuluka phiri limakula. Gawo 33 la Lands and Deeds Registry Act limanena kuti taitolo ndi umboni wokwanira wa umwini. Koma si khoma losagumuka. Pa mlandu wa Anti-Corruption Commission ndi Barnnet Development Corporation, wa 2008, Supreme Court inati taitolo ingatsutsidwe ndi kufafanizidwa ngati inapezedwa mwachinyengo kapena mwa njira yosalongosoka. Mawu achiwiriwo ndi ofunika, pakuti chinyengo n'chovuta kuchitsimikizira, chimafuna kuti muchilembe mwatsatanetsatane ndi kubweretsa umboni wolimba, pamene kulumpha njira kumaoneka m'mafailo momwemo.

Pali chinthu chimodzi chimene simunanene m'kalata mwanu, ndipo chingasinthe mlandu wonse. Kodi bwalolo lili m'malire a tauni, pa malo a boma, kapena lili m'dera la mfumu? Kuno kum'mawa funso limeneli si lachabe. Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, yakula mpaka kulowa m'midzi, ndipo ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi nyumba za tauni ndi minda ya makolo zayandikana moti wongodutsa sangadziwe pamene malire ali. Ngati malowo ndi a makolo, khonsolo singangowajambula mapuloti ngati ake. Lamulo la 2015 lija linaika njira yoti khonsolo ichite pangano la mapulani ndi mfumu. Ndipo gawo 3(4) la Lands Act limaletsa kupereka malo a m'dera la mfumu popanda kuganizira mwambo wa malo wa kumeneko, popanda kufunsa mfumu ndi khonsolo, komanso popanda kufunsa munthu wina aliyense amene zake zingakhudzidwe.

Mawu otsirizawo ndi amene apulumutsa mabanja ambiri. Mlandu wa Siwale ndi Siwale wa 1999 unali wa pachibale. Bambo wina anali ndi malo aakulu m'dera la mfumu kuyambira nthawi ya atsamunda. Atamwalira, mwana mmodzi anakatenga taitolo m'dzina lake lokha, abale ake osadziwa. Supreme Court inati abalewo anali anthu okhudzidwa amene lamulo linkafuna kuti afunsidwe, ndipo inalamula kuti mayina awo alowe pa taitolo. Pa mlandu wa Still Water Farms ndi khonsolo ya Mpongwe, khoti lomwelo linakana kupatsidwa kwa malo kwa kampani chifukwa anthu amene anali ndi gawo pa malowo sanafunsidwe, ngakhale mfumu inali itavomera. Ndikunena izi mwaulemu wonse kwa mafumu athu: chidindo cha mfumu n'chofunika, koma pachokha sichikwanira. Palinso mlandu wa ku Serenje wa Molosoni Chipabwamba ndi anzake 12 otsutsana ndi Yssel Enterprises ndi ena, anthu amene anachotsedwa m'midzi yawo malo atasanduka famu. Mu 2020 High Court inapeza kuti malowo anasinthidwa kuchoka ku mwambo popanda kutsata lamulo, koma sinafune kufafaniza taitolo. Anthuwo sanagonje, anachita apilo, ndipo mu 2022 Court of Appeal inati taitolo yochokera pa kusintha kosavomerezeka iyenera kufafanizidwa.

Zonsezi zingakhale kumbali yanu, n'kuluzabe chifukwa cholowera khomo lolakwika. Mlandu umene wagwetsa anthu ambiri pa chifukwa chimenechi ndi wa New Plast Industries ndi Commissioner of Lands, wa 2001. Kampaniyo inapita ku High Court ndi judicial review pamene lamulo lokhudza nkhani yake linali litaika kale njira ya apilo. Supreme Court inati njira yoyambira mlandu imachokera m'lamulo lokhudza nkhaniyo, osati pa chimene wodandaula akufuna, ndipo kampaniyo inaluza nkhani yake yeniyeni isanamvedwe n'komwe. Pa nkhani yanu makomo alipo angapo. Lamulo la 2015 linakhazikitsa Planning Appeals Tribunal yomva madandaulo a zigamulo za mapulani, ndipo nthawi yochitira apilo kumeneko ndi yaifupi. Pali Lands Tribunal, imene ikuyendera lamulo lake la 2010, yomva mikangano ya kagawidwe ka malo. Pali High Court. Ntchito yoyamba ya loya wanu, asanalembe chilichonse, ndi kuona kuti mukutsutsa chigamulo chiti kwenikweni, kusintha ntchito ya malo kapena kugawa mapuloti, ndi kuti lamulo likuchitumiza khomo liti. Local court ilibe mphamvu yogwetsa chigamulo cha khonsolo kapena kufafaniza taitolo, musatayeko nthawi.

Kumudzi timati mlandu suwola. Pabwalo la mfumu n'zoona, koma pa judicial review umawola, ndipo umawola msanga. Pa mlandu wa Dean Mung'omba ndi Peter Machungwa wa 2003, Supreme Court inatsimikiza kuti pa milandu yamtunduwu timatsata Order 53 ya malamulo a makhoti a ku England. Order imeneyo imati munthu apemphe chilolezo cha khoti mwamsanga, ndipo isapyole miyezi itatu kuchokera pamene chifukwa chodandaulira chinayamba. Onani bwino: kuwerenga kungayambire tsiku limene khonsolo inagamula, osati tsiku limene inu munaona mabikoni. Mwina chigamulocho chinapangidwa kale kuposa m'mene mukuganizira. Jaji angawonjezere nthawi ngati pali chifukwa chomveka, ndipo kubisidwa kwa chigamulo ndi chifukwa chimene angamve, koma adzafunsa kuti mutadziwa munachita chiyani. Miyezi imathera m'misonkhano ya komiti, m'kudikira kuti a khansala abwere, m'malonjezo akuti "tikuyang'anamo". Kambiranani nawo ndithu, koma mapepala a kukhoti azikonzedwa nthawi yomweyo. Order yomweyo imafunanso kuti wodandaula akhale wokhudzidwa mokwanira ndi nkhaniyo, choncho amene nyumba zawo zayang'anizana ndi bwalolo ndiwo akhale patsogolo pa mndandanda wa mayina.

Kuyamba mlandu pakokha sikuimitsa ntchito yomanga. Muyenera kupempha padera kuti chigamulocho chiimitsidwe, kapena chiletso chogwira womangayo. Apa jaji adzatsegula mlandu wa Shell and BP ndi Conidaris wa 1975, umene unati chiletso chimaperekedwa pamene ufulu wa wopemphayo ukuoneka bwino ndipo kuwonongeka kumene akuopa sikungakonzedwe ndi ndalama. Matanki okwiriridwa pansi m'mbali mwa mtsinje ndi chitsanzo chabwino cha zimenezo, koma chimamveka pamene dzenje lisanakumbidwe. Maziko akathiridwa, zipupa n'kufika pawindo, majaji amayamba kuganiziranso ndalama za munthu amene wamangayo.

Filing'i siteshoni ili ndi zipata zina zimene iyenera kudutsa, ndipo chilichonse ndi mwayi wanu. Imafuna chilolezo cha Zambia Environmental Management Agency, imene timangoti ZEMA, pansi pa Environmental Management Act ya 2011, komanso cha Energy Regulation Board, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Lamulo la 2011 limapatsa munthu aliyense wokhala m'Zambia ufulu wa malo aukhondo, otetezeka ndi athanzi, ndi mphamvu yopita kukhoti ufuluwo ukaopsezedwa. Lemberani maofesi awiriwa tsopano, muwauze za mtsinje ndi za nyumba zoyandikana, mufunse ngati pali pempho limene lafika.

Nkhani ya mgodi wa mkuwa mu Lower Zambezi National Park ndimaitchula kwa gulu lililonse limene likufuna kupita kukhoti. ZEMA inakana ntchitoyo mu 2012. Mu 2014 nduna inasintha chigamulocho n'kuvomera. Mabungwe osamala zachilengedwe anapita ku High Court ndipo ntchito inaimitsidwa. Patapita zaka zisanu, mu 2019, mlanduwo unatayidwa chifukwa mapepala ofunika a apilo sanaperekedwe, ndipo mu 2021 Court of Appeal inakana kuudzutsa. Palibe khoti limene linafika poweruza ngati nduna inalakwa kapena ayi. Ntchitoyo inadzaimitsidwa ndi boma mu 2023, osati ndi chigamulo cha mlanduwo. Ndiye mukapeza loya musangomusiyira n'kukhala pansi. Sankhani anthu awiri a m'komiti amene azifunsa kawirikawiri kuti pepala liti laperekedwa, tsiku lotsatira ndi liti, ndipo azisunga makope awo.

Mwafunsa ngati mungapambane. Malinga ndi zimene mwalemba, ngati pulani yovomerezeka ikusonyezadi bwalolo ngati malo osamangapo, ndipo palibe umboni woti inasinthidwa anthu atafunsidwa, mlandu wanu ndi wamphamvu. Koma mudziwe tanthauzo la kupambanako. Khoti likagwetsa chigamulo, nkhani imabwerera ku khonsolo kuti iyambirenso, ndipo ikatsata njira bwinobwino ingathe kugamulanso chimodzimodzi. Chimene mwapeza ndi mpata wolankhula zinthu zisanamangidwe, pamaso pa anthu, makhansala akudziwa kuti akuonedwa. Nthawi zambiri zimenezo zimasintha zotsatira, koma si lonjezo. Mudziwenso kuti woluza kawirikawiri amalamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pa mlandu, ndiye anthu amene akulemba mayina awo auzidwe zimenezi poyera asanasaine.

Pakambidwe ka kugwirizana, ngati zitafika poti mbali ina ya malowo imangidwe, khonsolo ili ndi mphamvu yoika zofunika kutsata pa chilolezo, monga kusiya mtunda kuchokera kumtsinje kapena kusunga gawo la bwalo. Mlandu wa Newbury wa 1980 unati zoterezi zikhale ndi cholinga cha mapulani, zikhudzane ndi chimene chikumangidwacho, ndipo zikhale zanzeru. Zimene ndatchulazi zikukwanira bwino pamenepo. Chofunika n'chakuti zilembedwe pa chilolezo chenichenicho, osati kungolonjezedwa pakamwa pamsonkhano.

Sabata ino chitani izi. Uzani anyamata asazule mabikoni ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa kuzula bikoni la saveya ndi mlandu wa polisi ndipo kudzangopatsa mbali inayo nkhani yokambira. M'malo mwake ajambuleni pa foni, bikoni lililonse ndi nambala yake ngati ikuoneka, pamodzi ndi golo, mtsinje ndi nyumba zoyandikana. Lembani kalata kwa mkulu woyendetsa khonsolo yopempha kope la pulani ya dera lanu, maminitsi a komiti ya mapulani ndi a khonsolo yonse pamene nkhaniyi inagamulidwa, lipoti la akatswiri, ndi umboni wa chidziwitso chimene akuti anapereka. Pitani ndi makope awiri, limodzi alidinde ndi deti n'kukubwezerani. Akapanda kuyankha, kalata yodindidwayo idzakhala umboni woti munafunsa. Pezani akuluakulu awiri kapena atatu amene anakulira pamenepo, alembe kuti bwalolo lakhala likugwira ntchito yanji ndipo kuyambira liti. Kenaka tengani zonsezi kwa loya. Ngati ndalama zili zochepa yambirani ku Legal Aid Board, ndipo ngati malowo ali m'dera la mfumu, a Zambia Land Alliance amadziwa bwino nkhani zotere. Zigamulo zambiri za makhoti athu zimapezeka kwaulere pa intaneti pa ZambiaLII, ndiye mwana wa sukulu wa m'komiti mwanu angakutsitsireni zimene zilipo kuti mukamakumana ndi loya mukhale mukudziwa zimene akunena. Funso loyamba limene mukamufunse ndi lakuti chigamulo chinapangidwa pa deti liti, ndipo mwatsala ndi masiku angati.